Musanakagule chingwe cha TV, jambulani kumbuyo kwake

Anzanga, musanapite ku Mangochi boma kukagula chingwe, yambani mwajambula pafoni mabowo a kumbuyo kwa TV ndi dikoda yanu, mukamuonetse wogulitsa. Ine ndinayenda maulendo awiri kuchokera ku Namwera chifukwa cha chingwe chimodzi.

Ngati zonse ziwiri zili ndi bowo lolembedwa HDMI, gulani chingwe cha HDMI basi. Chimanyamula chithunzi ndi mawu pamodzi, mpira umaoneka mpaka nambala ya pa jezi. Pa mabowo atatu ozungulira aja, otchedwa AV, lachikasu ndi la chithunzi, lofiira ndi loyera ndi a mawu. Koma mukaona lobiriwira, labuluu ndi lofiira ali pamodzi, onsewo ndi a chithunzi. VGA ya kompyuta, ya mabowo 15 ija, sinyamula mawu.

Chimene chikutayitsa anthu ndalama kwambiri ndi chingwe chokhala ndi HDMI uku, mitu itatu uko. Pachokha sichigwira ntchito, chifukwa HDMI ndi ya dijito pomwe TV yakale imamva analogi. Pamafunika kabokosi kosinthira, kamene kamalandira magetsi kudzera pa USB. Muwerengenso pakabokosipo bwinobwino: kolembedwa HDMI kupita ku AV sikagwira mobwerera ayi.