Masitadi wachikasu akatha m'khitchini ya adona, musathamangire kachitini kaja

Ntchito yanga yoyamba kuno ku Joni inatha chifukwa cha masupuni atatu a masitadi. Sekani ngati mukufuna abale anga, ine tsiku limenelo mano sanaoneke. Linali Loweruka, m'nyumba ina ku Randburg, adona ataitana alendo kudzaotcha nyama. Anandisiyira pepala la kakonzedwe ka saladi ya mbatatesi, pena pake polembedwa kuti masupuni aakulu atatu a yellow mustard. Botolo lofinya lija ana anali atalimalizira pa masoseji. M'kabati ndinapezamo kachitini ka Colman's, kachikasu kunja, ufa wachikasu mkati. Ndinati ameneyu ndi yemweyo. Ndinatapa masupuni atatu odzaza, kusungunula m'madzi ozizira, kusiya pambali uku ndikusenda mazira, kenako n'kuthira. Sindinalawe. Mlendo woyamba kuika pakamwa anatsokomola mpaka misozi, ndipo agogo ena anadzambatuka kuthamangira kumpopi.

Choti mumvetse ndi chakuti masitadi wachikasu wa ku America ndi wofatsa kuposa anzake onse. Amapangidwa ndi njere zoyera za mpiru, zosaluma kwenikweni, viniga wambiri, mchere ndi turmeric. Chikasu chonsecho ndi cha turmeric. Wa French's uja anayamba kugulitsidwa mu 1904 pa chionetsero cha ku St. Louis, ndipo mwana wa zaka zisanu amamufinyira pa soseji osachita tsinya. Colman's ndi wa ku England, anayambika mu 1814 kufupi ndi Norwich, ndipo amasakaniza njere zoyerazo ndi zofiirira. Zofiirirazo ndi za mtundu wa mpiru womwe uja timathira nsinjiro kwathu, umene masamba ake akakhwima amaswanyiza m'mphuno. Ukali wake umadzuka njere yosinja ikakumana ndi madzi ozizira, n'kukhala mphindi ngati 10. Viniga amauletsa kukwera, moto umaupha. Ndiye onani zimene ndinachita ine: supuni yaing'ono imodzi ya ufa imalowa m'malo mwa supuni yaikulu imodzi ya wam'botolo, kutanthauza kuti ndinathira mlingo wa masupuni aakulu 9 m'malo mwa atatu, m'madzi ozizira, popanda dontho la viniga, n'kuupatsanso nthawi yoti ukwiye bwino.

Mukakhala ndi ufa umenewu chitani chonchi. Supuni yaing'ono imodzi ya ufa, ina ya viniga woyera, ina ya madzi, kamchere, ndi turmeric wongotsina ndi zala. Viniga alowe nthawi yomweyo, osadikira. Zimenezi zikupatsani supuni yaikulu imodzi yoyandikira wachikasu uja, ngakhale adzalumabe pang'ono kuposa weniweni. Kuno turmeric ena amati borrie, m'mashopu a amwenye ku Fordsburg mufunse haldi. Musamuchulutse, amawawa ngati mankhwala, ndipo akagwera pa kauntala yoyera ya adona mudzapukuta mpaka mkono kuphwanya.

Ngati m'firiji muli Dijon, masitadi wa ku France uja, ameneyo ndiye wosavuta. Yambani ndi theka la mlingo, lawani, onjezerani, ndipo muthiremo viniga pang'ono chifukwa sawawasa ngati winayo. Achimwene ndi achemwali amene mukugwira m'nyumba za Asilamu, kapena inu a ku Mangochi amene simukhudza mowa, werengani kuseri kwa botolo, Dijon wina amathiramo vinyo woyera. Masitadi wanjerenjere uja amakoma popaka pa nyama yokaotcha, koma mu sosi wosalala amaoneka ngati mwagwetsera mchenga. Wa uchi ndimamukana pa saladi, ndipo pa moto wa makala shuga wake amapserera nyama isanapse mkati.

Masitadi akasoweratu, musanjenjemere. Chimene amabweretsa mu saladi ya mbatatesi kapena mu mazira ophwanya ndi kuwawasa, ndiye tengani mayonezi, viniga pang'ono ndi katsinidwe ka turmeric. Madzi a m'botolo la gherkins (tinkhaka toviika mu viniga), amene ambiri mumangotaya musinki, amagwira ntchitoyo kuposa viniga wamba. Mu piccalilli, ndiwo zamasamba zam'botolo zoviika mu viniga, muli kale masitadi ndi turmeric, mukhoza kutapa msuzi wake.

Tsopano za a ejenti, chifukwa saladi ija siinandichotse ntchito yokha. Mayi amene anandipezera nyumbayo anali ndi kaofesi pamwamba pa shopu ina m'tauni, mipando itatu ndi fani yosazungulira. Anandilipiritsa R1,800, akuti ya kulembetsa ndi maphunziro a kuphika. Ndalamayo ndinachita kubwereka kwa msuweni wanga, amene naye anali atangoyamba ganyu ya m'galadeni. Maphunzirowo anali masana amodzi, anthu 11 titakhala mothinana, kutiwerengera mapepala ofotokopa a momwe tingasitire malaya ndi kupatsira moni abwana. Mbaula sitinaione, ngakhale poto. Pasipoti yanga anaitenga kuti akafotokope, inakhala m'dilowa mwawo masabata atatu, ndikafunsa n'kumati kiyi ali ndi mlembi. Kwa adona anakanena kuti ndine khukhi wa zaka zisanu pa hotela ya kunyanja, chikhalirecho ine ndinkangothandiza m'kantini ya amalume pa Dedza boma. Bodzalo ndinalimva patapita masiku, ndipo ndi limene linandimanga pakamwa. Khukhi wa pa hotela angafunse bwanji kuti yellow mustard n'chiyani?

Loweruka lija adona sanandikalipire. Anangotenga mbaleyo n'kukhuthulira m'bini. Lamlungu anaimbira foni a ejenti, ndipo Lolemba m'mawa ndili pa siteji ya taxi ndinalandira uthenga wa mizere iwiri woti ndisapiteko. Malipiro anga a masiku 19 anadzera m'manja mwa mayi aja. Nditapita kukatenga anandisunga pabenchi kuyambira 9 koloko mpaka dzuwa litapendeka, n'kundipatsa envelopu yosakwana ndi theka lomwe. Akuti adula za chakudya chimene ndinaononga, adula za foni, adulanso chifukwa ndawanyozetsa. Mbatatesi ya makilogalamu awiri ndi mazira 6! Nditati tiwerengerane, anakweza foni m'mwamba n'kufunsa ngati mapepala anga ali bwino moti n'kuitana apolisi. Ndinatsika masitepe aja mwakachetechete ngati galu wakuba nkhuku. Chimene chimandipweteka mpaka lero n'chakuti sabata yomweyo anaika mnyamata wina wa ku Ntcheu m'nyumba yomweyo, nayenso atalipira R1,800 yake. Munthu akachotsedwa ntchito, kwa mayi aja ndiye msika wayenda.

Ndinadzamva mochedwa kuti lamulo la dziko lino la Employment Services Act la 2014 limaletsa ejenti kulipiritsa munthu wofuna ntchito. Lamulo la Basic Conditions of Employment Act la 1997 sililola kuti akuduleni malipiro chifukwa cha katundu woonongeka popanda inu kuvomera molemba ndi kupatsidwa mpata wodziyankhira. Ndipo ukachotsedwa mopanda chilungamo umakadandaula ku CCMA, bungwe lothetsa mikangano ya pantchito, kwaulere, pasanathe masiku 30. Ine ndinamva zimenezi patatha miyezi inayi, kwa mlonda wina wa ku Zimbabwe. Choncho wina akakuuzani kuti yambani mwalipira, tulukani. Pasipoti musasiye ndi munthu, fotokope kapangitseni nokha pa shopu. Malipiro alowe m'manja mwanu kapena mu akaunti yanu, osadzera kwa mkhalapakati. Za kontirakiti yolemba ndi UIF, thumba lothandiza amene ntchito yawathera, mukuzidziwa kale, musandivutitse nazo.

Tibwerere kukhitchini, chifukwa ndaona anzanga akuchita zodabwitsa. Ufa wa curry si masitadi, ngakhale ndi wachikasu. Mukathira mu saladi yonse inunkha ngati ndiwo za nkhuku. Nali ndi kambuzi sungani za nsima yanu, tsabola amaotcha lilime n'kukhalitsa pomwe masitadi amakwera m'mphuno n'kutha msanga. Horseradish ndi wasabi ndi abale ake a mpiru, amakweradi m'mphuno, koma kansonga ka mpeni kakwana, ndipo wasabi adzasandutsa mayonezi kukhala wobiriwira. Njere zakuda za mpiru za kwa amwenye zimakoma mukazikazinga m'mafuta mpaka zithetheke, pa kabichi kapena nyemba, koma kukoma kwake n'kwina. Mukazisinja mumtondo kuti mupange masitadi wanu, tsiku loyamba amawawa moti mungataye. Muikeni m'firiji masiku awiri kapena atatu ayambe wafatsa.

Inu a ku UK amene mukusamalira okalamba, tcherani khutu. Kumeneko masitadi ali m'gulu la zakudya 14 zimene lamulo limati zilembedwe moonekera pa paketi chifukwa ena matupi awo amadana nazo, ndiye musaike chilichonse cha mpiru m'mbale ya munthu musanaone faelo yake. Colman's wosungunula kale wa m'kabotolo muli ufa wa tirigu, woopsa kwa amene sadya gluten. Mafuta a mpiru amene mumawaona m'mashopu a amwenye ambiri amalembedwa kuti ndi opaka pathupi basi. Musaphikire agogo a eni ake.

Ndipo funsani. Adona ambiri sakwiya ukawatumizira uthenga pa WhatsApp kuti chakuti chatha, ndithire chakuti? Amakwiya alendo akamatsokomola. Kumene ndikugwira pano ku Fourways ndatha zaka zitatu, ndipo m'thumba la epuloni simusowa kasupuni kolawira. Nambala ya mayi aja ndimaionabe ikuyenda m'magulu a Amalawi, ndi chithunzi cha khitchini yonyezimira chimene sindikudziwa anachitola kuti. Ndikaiona ndimalemba pansi pake kuti musapiteko, ndipo gulu lina anandichotsamo kale chifukwa cha zomwezo.