Mmene mungasungire zithunzi pa mabodi a Pinterest osawasandutsa dzala

Ndiyambe ndi kudziulula ndekha. Bodi yanga yoyamba pa Pinterest ndinaitcha "Zokongola" ndipo mkatimo munali chilichonse, mipando, ma logo, nsapato, khonde la nyumba ya munthu wosamudziwa, kamphaka kogona pa shelefu, basi chomwe diso lakodwa nacho ine ndimangodina Save. Tsiku lomwe ndinafuna kupenta chipinda ndinatsegula bodiyo kuti indithandize kusankha penti, ndinayendetsa chala mpaka chinalema koma sindinatolemo kanthu. Zithunzi zabwino zinalimo ndithu, kungoti zinakwiririka ndi zinzake.

Kwa inu amene simunaigwiritsepo ntchito, Pinterest ndi webusayiti ndi pulogalamu ya pafoni yosakira ndi kusungirako zithunzi, inayamba mu 2010, oyambitsa ake ndi Ben Silbermann, Paul Sciarra ndi Evan Sharp. Chithunzi chilichonse chomwe mwaseva chimatchedwa pini, ndipo mapiniwo mumawaika pa bodi, ngati mmene munthu amakhomera timapepala pa bolodi la pakhoma. Kusiyana kwake ndi galeri ya mufoni ndi kwakuti pini nthawi zambiri imabwera ndi linki yobwerera komwe chithunzicho chinachokera, pomwe sikirinishoti imangokhala chete, mawa simukumbukanso kuti munaitenga kuti. Akaunti imodzi imalola mabodi 2,000 ndi mapini 200,000, ndiye malo si vuto ayi, vuto ndi inuyo ndi chala chanucho.

Musanaseve kalikonse, ganizani kaye dzina la bodi, ndipo dzinalo likhale ntchito yomwe mukufuna kuigwira. "Nyumba" si dzina labwino, ndi lotambalala kwambiri, limameza chilichonse. "Kupenta chipinda chogona" ndiye dzina, "shelefu ya mabuku yapakona" ndiye dzina, "logo ya bizinesi yanga" ndiye dzina. Mukatero, chithunzi chilichonse chikabwera mumangodzifunsa kuti kodi ichi chindithandiza pa ntchito imeneyi? Ngati sichithandiza koma mwachikondabe, khalani ndi bodi imodzi yongotayirako zoterozo, ine yanga ndimaitcha "kaya", ndipo sindiiyembekezera kuti indithandize chilichonse.

Bodi ikayamba kukula igaweni. Kuyambira 2017 Pinterest imalola kupanga tizigawo mkati mwa bodi imodzi, amatitcha Sections, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amaphonya chifukwa amagawa potengera zomwe zili pachithunzi mmalo motengera chifukwa chomwe anachisevera. Tiyerekeze mwaona chithunzi cha chipinda, muli bedi, makatani, nyale, kapeti, khoma lobiriwira, koma inu chomwe chakukokani ndi mmene nyaleyo yalendewera pansi pafupi ndi bedi. Pakatha miyezi iwiri mudzachiyang'ana nkumadabwa, eti ndinasevera khomali kapena chani, poti zobiriwira sindizikonda nkomwe. Koma chikanakhala mu kachigawo kotchedwa "nyale zolendewera" funsolo silikanabwera. Ndiye maina a tizigawo azinena chomwe munaona, "mitundu ya khoma", "miyendo ya tebulo", "zilembo zonenepa", "kolala ya diresi", zoterozo. Chithunzi chimodzi chikakhala ndi zinthu ziwiri zomwe mwazikonda chiseveni kawiri, palibe adzakufunseni.

Ngati ndi nkhani yoti simukufuna anthu aidziwe msanga, mwina mphatso ya wina kapena dizaini ya kasitomala, ikani bodiyo ikhale ya chinsinsi. Mabodi a Secret anabwera mu 2012 ndipo amaoneka kwa inu nokha ndi omwe mwawaitana. Ine pafupifupi bodi iliyonse yatsopano ndimaiyamba yobisa, ikadali yosokonekera palibe chifukwa choti dziko liione.

Pa kasakidwe. Mawu amodzi okha amakubweretserani zomwe aliyense akuona, ndiye onjezerani zinthu ngati chomwe chinthucho chapangidwira, kukula kwake, mtundu wake, nthawi yomwe sitayiloyo inatchuka. Zotsatira zambiri zimabwera mukasaka mu Chingerezi, koma ngati simukudziwa dzina la chinthucho musavutike, pezani chithunzi chimodzi chomwe chayandikira, dinani kachizindikiro kosakira ka pakona ya chithunzicho, kenako kokani kabokosi kazungulire chinthu chokhacho chomwe mukufuna, kaya ndi chogwirira cha kabati kaya ndi manja a malaya, ndipo ikubweretserani zofanana nacho, nthawi zambiri dzina lomwe mumalisowa lija mumalipeza mmalemba a mapini omwe abwerawo. Palinso Lens, yomwe inabwera mu 2017, mumangojambula chinthu ndi kamera ya foni nkusaka ndi chithunzicho. Izi zimandithandiza kuposa kulemba mawu.

Komanso musamangodya zomwe Pinterest yakugawirani patsamba loyamba. Tsambalo limaphunzira pa zomwe mwaseva, ndiye mukaseva mipando itatu yoyera limakuthirani mipando yoyera mpaka mumayamba kuganiza kuti dziko lonse lili ndi mipando yoyera yokha. Bweretsani zithunzi zochokera kunja, pa kompyuta pali kabatani ka Pinterest koika mu browser kuti muziseva kuchokera pa webusayiti iliyonse, pa foni mumadina Share nkusankha Pinterest, komanso mutha kukweza zithunzi zomwe mwajambula nokha. Bodi yomwe ili ndi zithunzi zanu zosaoneka bwino ziwiri zitatu imakhala yanu kuposa yodzadza ndi zomwe anthu masauzande aseva kale.

Chenjerani ndi zithunzi za AI, zija zopekedwa ndi kompyuta, zachuluka koopsa masiku ano. Mu 2025 Pinterest inayamba kuika chizindikiro cha "AI modified" pa zomwe yazizindikira, koma zina zimadutsabe. Ngati mukungofuna mitundu kapena mmene chinthu chimamvekera mmaso palibe vuto lalikulu, koma ngati mukufuna kupita nacho kwa kalipentala kapena telala, yang'anitsitsani kaye. Masitepe omwe akuthera pakhoma, mpando wa miyendo yosalingana, zilembo zosawerengeka, diresi yopanda msoko paliponse, zimenezo munthu sangazipange ndipo mudzangokangana naye mmisiriyo pachabe. Dinani linki muone ngati ikupita kwa munthu weniweni yemwe anapanga chinthucho. Linki ikakhala yakufa kapena yopita kosadziwika, ponyani chithunzicho mu Google Lens kapena TinEye, zida zosakira komwe chithunzi chikupezeka pa intaneti, kawirikawiri mwini wake amapezeka. Ndipo kuseva chithunzi sikukupatsani umwini, kuonerapo nzeru ndi kwina, kutenga chithunzi cha wina nkuchiika pa positala yanu ya malonda ndi kwinanso.

Tsopano gawo lomwe ambirife timalizemba, kudula. Sevani momasuka kwa masiku angapo, zikafika makumi anayi kapena asanu imani, musasevenso. Tsegulani bodiyo pa sikirini yaikulu ngati muli nayo kuti muzione zonse pamodzi, osayang'ana chimodzichimodzi ayi, yang'anani zomwe zikubwerezabwereza. Ine pa chipinda chija, nditapanga bodi yatsopano ya dzina lomveka, ndinkadziuza kuti ndikufuna buluu, koma nditaziona pamodzi pafupifupi zonse zinali ndi khoma lotuwira ndi matabwa oderapo, buluu anali pa ziwiri zokha. Pakamwa pankanena zina, chala chinkasankha zina, ndipo ndinatsatira chala. Mukaona zimenezo yambani kuchotsa, chilichonse chomwe chikufanana ndi chinzake chipite, chomwe ndi chokongola koma sichingakwane mu malo anu chipite, mpaka zitsale khumi kapena zosakwana apo. Zimawawa pang'ono, ndiye ngati mtima ukukana kufufuta zisamutsireni ku "kaya" kuja.

Zotsalazo ndi zomwe mumagwirira ntchito. Ngati mukupanga zinthu ndi anthu ena aitaneni pa bodiyo kuti nawonso aziikapo zawo, koma gwirizanani kaye kuti wodula ndi ndani, apo ayi aliyense angothira zake mubwererenso kudzala kuja. Ojambula ambiri amakonda kutsitsa zithunzizo nkuziika mu PureRef, kapulogalamu ka pa kompyuta komwe mumayala zithunzi pamalo amodzi, nkumazikuza kapena kuzichepetsa, ndipo kamatha kukhala pamwamba pa pulogalamu yomwe mukujambuliramo. Pulogalamu ina, Milanote, imalola kusakaniza zithunzi, timanoti ndi mivi yolozera, ndiye mutha kulemba pambali pa chithunzi kuti "kolala yokhayi, manja ayi". Webusayiti ya Are.na ndi yabata, ilibe zotsatsa malonda, ndipo mumasunga zithunzi, malinki ndi zolemba pamodzi, yabwino kwa ofufuza zinthu nthawi yaitali. Pa Instagram palinso poseva mapositi mmagulu, koma mwini wake akafufuta positi basi yapita, ndiye zomwe mukuzidalira kwenikweni musazisiye kumeneko kokha.

Ntchito ikatha bodiyo musaisiye izingoyandama pakati pa zinzake. Pali Archive, imaichotsa pamaso pa profayilo yanu osaifufuta, ndipo Pinterest imasiya kukubweretserani zofanana nazo. Ine ndisanaiike kumeneko ndimajambula kaye chomwe ndapanga nkuchikweza pa bodi yomweyo pafupi ndi zithunzi zomwe ndinaonerapo, ya chipinda ija muli chithunzi cha khoma langa lotuwira, ndi kadontho ka penti pa swichi komwe mpaka pano sindinakapukute.