Manjano sangakutchinjirizeni ku utsi wa matabwa obiriwira

Mlongo wanga wa ku Johannesburg anandiimbira mwezi watha kuti ndimugulire manjano pamsika wa Nkhotakota ndimupatsire wa basi. "Achimwene, akuti amatsuka mapapo," anatero. Anali atalandira uthenga pa WhatsApp woti zomera zimateteza mapapo ku poizoni wotchedwa arsenic. Ndinaseka kaye, poti manjano ali mbwee m'masitolo a amwenye konko.

Uthengawo si bodza lokhalokha. Ofufuza amamwetsa makoswe ndi mbewa za mu labu madzi a arsenic, zina n'kuzipatsanso curcumin wa m'manjano, resveratrol wa m'mphesa kapena mankhwala ena ochokera ku zomera. Kawirikawiri mapapo a nyama zimenezi satupa ndi kuwonongeka ngati a zinzake. Komatu khoswe amapatsidwa mankhwala oyengedwa, ambiri poyerekeza ndi kathupi kake, pomwe inu mumangowaza kasupuni mu ndiwo. Ndipo curcumin salowa bwino m'magazi a munthu. Muzidya manjanowo, anyezi ndi adyo, n'zabwino, koma musaziyese chishango. Chofunika n'kudziwa kumene arsenic akuchokera.

Kwa inu a ku South Africa, yambani ndi nkhuni. Juni ndi Julayi kukazizira, anthu amatola zidutswa za matabwa pomwe akumanga nyumba n'kusonkhera mbaula. Thabwa kapena mtengo wa mpanda ukakhala wobiriwirako, ngati wachita ndere koma uli wouma gwa, nthawi zambiri unanyikidwa mu mankhwala a CCA oteteza ku chiswe, ndipo muli arsenic. Mukawotcha, poizoniyo amapita mu utsi, wina amatsala m'phulusa. Tsono taganizani kachipinda ka malata, chitseko chotseka, ana ali m'tulo. Musaphikire, musaotchere nyama, phulusa lake musathire m'dimba. Ogwira ntchito yocheka matabwa otere, pemphani masiki kwa abwana ndipo sambani m'manja musanadye.

Madzi nawo. Malire a arsenic m'madzi akumwa omwe linaika bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO ndi ma microgram 10 pa lita imodzi (microgram ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a galamu). Arsenic alibe fungo, samveka mkamwa, ndipo kuwiritsa madzi sikumuchotsa, kumangomukhuthalitsa madziwo akamaphwera. Ngati muli kumafamu ku America kapena kwina kulikonse komwe mumamwa a pachitsime cha pakhomo, kayezetseni. Mzinda wa Antofagasta ku Chile unamwa madzi a arsenic wochuluka kuyambira 1958 mpaka 1970, ndipo khansa ya m'mapapo inapitiriza kupha anthu patadutsa zaka zambiri madziwo atakonzedwa.

Pa mpunga ndiye pativuta ife a kunyanja. Mpunga umayamwa arsenic kuposa chimanga chifukwa umakulira m'madzi, ndipo wosapuntha bwino, wofiirira uja, umakhala naye wambiri kuposa woyera. Sindikunena kuti musiye. Phikani kapu imodzi m'makapu sikisi a madzi, ukapsa mukhetse madziwo, arsenic amachepa pafupifupi ndi theka. Ndikudziwa, agogo angati mwawononga mpunga. A ku UK, malangizo a zaumoyo konko amati ana osakwana zaka 5 asamamwe mkaka wa mpunga.

Chifuwa chikakana kutha milungu iwiri, pitani ku chipatala akayeze TB, ndipo muwauze ntchito yanu ndi zomwe mumasonkhera moto.

Mlongo wangayo ndinamutumizira kilombero ndi usipa. Nditamufunsa za nkhuni zawo, anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Dikirani ndikaone kuseri."