Malangizo kwa ogula ma prawns ku Senga Bay opita nawo ku Zambia

Ma prawns amene mwagula kuno ku Salima si a m'nyanja yathu ino ayi. Ndi a m'madzi amchere, ndipo amafika kuno ataundana kale ndi ayezi. Kuti ndi akufa si vuto. Chofunika kudziwa ndi chakuti, chifereni, akhala nthawi yaitali bwanji pamalo ofunda, chifukwa firiji imangochedwetsa kuola, siibweza chimene chayamba kale kuwonongeka.

Ulendo wochoka ku Senga Bay kudzera ku Lilongwe ndi Mchinji mpaka pachipata cha Mwami ndi wautali, ndiye pali kudikira pa boda musanalowe Chipata. Aikeni m'bokosi losunga kuzizira, ayezi pansi ndi pamwamba, ndipo muziwonjezera panjira. Asakhale opanda ayezi kupitirira maola 2. Kukatentha kuposa madigiri 32, monga kumachitira kunyanja kuno mu Okutobala ndi Novembala, malire ndi ola limodzi lokha.

Mukafika kunyumba, firiji ikhale pa madigiri 4 kapena kutsika. Ma prawns osaphika aphikidwe tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake, asapitirire masiku 2. Dulani mitu musanasunge, pakuti m'mutu ndi mmene muli zam'mimba zake, ndipo kuola kumayambira mmenemo n'kufewetsa mnofu wonse. Ngati simuphika msanga, aikeni mu freezer pa madigiri -18. Posungunula, asiyeni m'firiji usiku wonse kapena m'madzi ozizira. Padzuwa ayi, chonde.

Malaiti akazima musamatsegule chitseko pafupipafupi. Firiji yotseka imasunga kuzizira pafupifupi maola 4, freezer yodzaza maola 48, yosadzaza bwino maola 24. Ma prawns amene asungunuka mpaka kufunda ndi otaya.

Musanaphike, anunkhizeni. Abwino amamveka kafungo ka madzi amchere basi. Akatulutsa fungo lobaya mphuno ngati la mkodzo wogona, akayamba kuterera ngati therere, kapena mnofu ukamaphwanyika pakati pa zala, tayani. Timamva ena akunena kuti amatsuka ndi mandimu kapena viniga fungo n'kutha. Fungo likhoza kuchepa, koma chowola chikadali chowola, ndipo ndalama imene mukuimvera chisoniyo ndi yochepa poyerekeza ndi mwana wogona kuchipatala. Timadontho takuda pachikhokho si chizindikiro cha kuola patokha, komabe timakuuzani kuti akhalitsa, ndiye yang'anitsitsani zina zija.

Fungo labwino nalonso silitanthauza kuti mulibe tizilombo. Zamoyo za m'madzi amchere zimatha kukhala ndi tizilombo ta Vibrio, ta banja limodzi ndi timene timayambitsa kolera, ndipo sitioneka kapena kununkha. Tizilomboti timafa ndi moto. Phikani mpaka mnofu uyere mkati monse, usaonekenso ngati galasi. Thabwa ndi mpeni zimene mwadulira muzitsuke ndi sopo musanadulire tomato kapena anyezi wodya osaphika. Amayi oyembekezera, agogo, ana aang'ono, odwala chiwindi ndi amene chitetezo cha m'thupi chinatsika asalawe konse osapsa bwino.

Otsala pambale alowe m'firiji maola 2 asanathe, ndipo adyedwe pasanathe masiku 3 kapena 4 atatenthetsedwanso mpaka kutuluka nthunzi.

Wina akayamba kutsegula m'mimba kapena kusanza atadya, m'patseni madzi a ORS pafupipafupi. Mukaona magazi m'chimbudzi, thupi likatentha, kapena akalephera kumwa, thamangirani naye kuchipatala tsiku lomwelo ndipo muwauze adokotala chimene anadya.