Mmene Mungakhalire ndi Neba Sabata ya Bullets ndi Wanderers

Mu mzinda wa Blantyre mawu akuti neba ali ndi matanthauzo awiri. Pali neba amene mumabwerekana naye mchere ndi mbaula, ndipo pali neba amene dzina lake simufuna kulitchula, chifukwa pa nkhani ya mpira sapota wa Bullets akamanena za Wanderers, kapena wa Wanderers akamanena za Bullets, amangoti neba basi. Chovuta n'chakuti kawirikawiri aneba awiriwa amakhala munthu mmodzi yemweyo. Iye amene mumakwera naye minibasi ya ku Limbe m'mawa uliwonse, amene munagona naye pamaliro a mayi anu, ndi yemwenso amavala zabuluu tsiku limene inu mwavala zofiira. Malangizo awa ndi a munthu amene amakonda timu yake moti ikagonja nsima siimutsika bwino, koma akufuna kuti sabata ya masewero a matimu awiriwa ithe iye asanataye bwenzi, ndalama ya lendi kapena dzino.

Yambani ndi kudziwa kumene mkanganowu unachokera, chifukwa mbiri yake yokha imachepetsa ukali. Wanderers inakhazikitsidwa mu 1962, ndipo Bullets inayamba mu 1967 pamene osewera ena anapatuka ku Wanderers n'kukayambitsa timu yawo. Kuyambira pamenepo mayina akhala akusintha motsatira amene akuthandiza ndi ndalama. Ofiira anakhalapo Bata Bullets, Total Big Bullets, Bakili Bullets kenako Nyasa Big Bullets, pamene abuluu, amene likulu lawo lili mumsewu wa Lali Lubani, anakhalapo Yamaha Wanderers, Limbe Leaf Wanderers, MTL Wanderers, Be Forward Wanderers ndi Mighty Mukuru Wanderers. Mayina amene sanasinthe ndi a m'kamwa mwa anthu, Maule kwa Bullets, ndi Manoma kapena Nyerere kwa Wanderers. Matimu awiriwa anatuluka m'nyumba imodzi, ndipo kwa zaka zambiri onse akhala akulandirira alendo awo pa bwalo limodzi la Kamuzu ku Chichiri. Ubale wotere kumudzi timaudziwa bwino, ndi chisuweni. Msuweni mumamunena za mutu wake ndi za nkhokwe yake yopanda kanthu anthu n'kumaseka, koma aliyense amadziwa pamene nthabwalazo zimathera, ndipo pakagwa zovuta msuweni yemweyo ndi amene amafika woyamba ndi khasu. Mukamuona neba motero, zambiri zimene zikutsatirazi zidzakhala zosavuta.

Chofunika kwambiri ndi kudziwa malire a chipongwe, ndipo apa ndi pamene ambiri timalakwitsa. Timu mungathe kuinena mmene mungafunire. Nenani za goloboyi amene anauponyera yekha mpira muukonde, za wosewera kutsogolo amene anaphonya penate, za kabati ya zikho imene yachita fumbi, za kochi amene wachotsedwa asanamalize miyezi itatu. Zimenezi ndi zamasewero ndipo mnzanuyo ali ndi zake zoti akubwezereni. Koma musalowetsemo mayi ake, mkazi wake, mtundu wake, chipembedzo chake, chipani chake kapena umphawi wake. Pali chizolowezi chonena kuti timu ina ndi ya mabwana ndipo ina ndi ya anthu wamba, ndipo pongocheza nkhaniyi imakoma, koma ikafika poti munthu wanenedwa chifukwa cha nsapato zake zong'ambika, mpira watha, chatsala ndi chitonzo. Njira yosavuta yodziyesera ndi iyi: mawu amene mukufuna kunenawo, mungawanene ana ake ali pomwepo? Ngati simungathe, amezeni.

Muziwerenganso nthawi ndi nkhope ya munthu. Ine ndinaphunzira zimenezi mochedwa. Lolemba lina, timu yanga itapambana Loweruka, ndinalowa pantchito ndikuimba, ndinakaika mpango wofiira pampando wa mnzanga wina wa Manoma, ndipo iye atalowa ndinamuthira mawu onse amene ndinawakonza Lamlungu lonse. Sanayankhe kanthu. Anachotsa mpangowo, naupinda bwinobwino, nauika patebulo langa. Masana ndinamva kwa ena kuti munthuyo anachokera kuchipatala kumene anagona pabenchi masiku awiri akudikirira mwana wake, ndipo masewerowo sanawaone n'komwe. Panatenga miyezi kuti tiyambenso kudyera limodzi. Choncho musanayambe nthabwala, perekani moni kaye, funsani za kunyumba, ndipo mukaona kuti yankho likutuluka molemera, chigonjetso chanucho chisungeni, sichiola.

Mkangano wabwino umafuna mfundo, ndipo sapota wopanda mfundo ndi amene amafulumira kutukwana. Ngati ndinu wa Bullets, muli ndi zambiri zoti munene popanda kukweza mawu: timu yanu ndi imene yatenga ligi kambiri kuposa ina iliyonse m'dziko muno, inaitenga kasanu motsatizana kuyambira 2018 mpaka 2023, ndipo mu 2004, ikutchedwa Bakili Bullets pansi pa Kinnah Phiri, inafika m'ndime ya magulu ya CAF Champions League, mpikisano wa matimu akatswiri a mu Africa. Ngati ndinu wa Wanderers, kumbutsani mnzanuyo kuti timu yanu ndiyo yaikulu pobadwa, kuti mu 2017 ligi inapita ku Lali Lubani, ndiponso kuti Jack Chamangwana, amene ankatchinga kumbuyo kwa Flames m'zaka zimene dziko lino linatenga chikho cha mayiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa mu 1978 ndi 1979, anali wa Manoma. Ndipo mkangano ukatentha kwambiri, wina atchule chaka cha 2024 pamene Silver Strikers inanyamula ligi kupita nayo ku Lilongwe, nonse awiri mukungoyang'ana. Palibe chimene chimagwirizanitsa masapota a ku Blantyre msanga kuposa chimenecho.

Za kubetcherana ndinena mwachidule. Betcheranani chinthu chimene wogonja angapereke akuseka, monga botolo la chakumwa kapena kuvala jezi ya mnzake tsiku limodzi. Ndalama ya sukulu, foni, njinga ya kabaza, ngakhale malipiro a mwezi, zisalowe m'nkhaniyi, chifukwa munthu amene wataya masewero ndi lendi tsiku limodzi sangamve nthabwala ya aliyense.

Tsiku la masewero konzekerani ngati ulendo. Fikani pabwalo nthawi ikadalipo, makamaka ngati mwatenga ana, ndipo gulani tikiti kwa ogulitsa ovomerezeka, osati kwa munthu amene akukunong'onezani kuseri kwa mpanda. Chipwirikiti chambiri chimayambira pachipata pamene anthu ochedwa amva phokoso la mkati n'kuyamba kukankhana. Tisaiwale kuti pa 6 Julaye 2017 anthu 8, ambiri mwa iwo ana, anafa pokankhana pazipata za bwalo la Bingu ku Lilongwe masewero a Bullets ndi Silver asanayambe. Mukaona kuti pachipata padzaza ndipo kumbuyo kukubwerabe anthu, patukani, imani potero, ngakhale mutaphonya mphindi khumi zoyambirira. Mukalowa, khalani kumbali kumene kwakhala anzanu ovala ngati inu. Kukakhala pakati pa aneba mutavala jezi yanu sikusonyeza kulimba mtima, ndipo ngati mwapezeka kumeneko chifukwa malo atha, timu yanu ikachinya sangalalirani mumtima. Onetsetsaninso potulukira pamene muli pafupi napo mpira usanayambe. Mowa ndi nkhani ina: amene amayamba kumwa m'mawa poti masana kuli masewero nthawi zambiri sakumbukira amene anagoletsa, koma amakumbukira chitokosi cha apolisi.

Pabwalo pamayendanso mphekesera, ndipo muyenera kudziwa mozilandirira. Mudzamva kuti neba watsirika pagolo, kuti timu ina yakana kulowa m'chipinda chosinthira, kuti wina wathira madzi pachipata cha osewera. Kaya mumakhulupirira zimenezi kapena ayi, si ntchito yanu kulumpha mpanda kukafukula kanthu. Chimodzimodzi ndi woimbira mpira. Adzalakwitsa ndithu, mwina adzakana chigoli chimene inu mwachiona bwinobwino kuti chalowa, ndipo muli ndi ufulu wokuwa mpaka mawu atasasa. Koma mwala kapena botolo limene mwaponya silibweza chigolicho. Limagwera wogulitsa mtedza kapena mwana wa munthu wina, ndipo chilango chochokera ku SULOM kapena FAM, mabungwe oyendetsa mpira, chimagwera timu yanu yomwe, imene imalipira chindapusa ndi ndalama zimene zikanalipira osewera, mwinanso kulandidwa mapointi kapena kuletsedwa kusewera pakhomo. Kumapeto kwa 2013 sapota wina anataya moyo pa ziwawa zimene zinabuka pa bwalo la Balaka pa masewero a Silver ndi Wanderers, ndipo palibe chikho chimene chinamubwezera kwa abale ake. Mukaona mnzanu wa mbali yanu watola mwala, mugwireni dzanja inuyo, chifukwa mawu a sapota mnzake amawamva kuposa a wapolisi.

Pali nkhani ya ganyu, imene ndiyenera kuvomereza kuti imakoma. Neba akamasewera ndi timu ina, ena a ife timapita kukachemerera alendowo ngakhale sitidziwa dzina la wosewera wawo ndi mmodzi yemwe. Pa ligi yathu palibe cholakwika chachikulu, bola muchite ganyu yanuyo mwaulemu, osavala jezi ya timu yanu, ndiponso osayembekezera kuti amene mukuwasekawo akuthokozeni. Koma neba akamasewera ndi timu yakunja m'mipikisano ya CAF, ganizani kawiri. Osewera amene mukuwafunira zoipawo ndi omwe amavala yunifolomu ya Flames, ndipo pamene Gabadinho Mhango, mwana wa Bullets, anachinya chigoli chakutali chija pokumana ndi Morocco ku Cameroon mu Januware 2022, a Manoma sanakhale pansi kufunsa kumene anakulira. Ngati mtima sukulolani kuchemerera neba, khalani kunyumba mumvere pawayilesi mwakachetechete, zimenezo n'zololedwa.

Wosewera akachoka ku timu yanu kupita kwa neba, monga zachitikira kangapo m'mbiri ya matimu awiriwa, zimawawa ngati chisudzulo. Mukuwizeni akagwira mpira ngati mukufuna, koma kumbukirani kuti mpira ndi ntchito yake, zaka zake zosewera n'zochepa, ndipo inunso mutapatsidwa malipiro abwino pakampani yoyandikana simungafunse masapota. Kumutsatira kunyumba kapena kumulembera mawu oopseza pa Facebook ndi mlandu, si chikondi cha timu.

Masewero akatha, musathamangire kutuluka. Dikirani khamu lipungule, ndipo ngati njira yanu ikudutsa kumene kwasonkhana aneba okwiya, valani malaya ena pamwamba pa jezi. Ena amati kutero ndi mantha, koma jezi ndi ya nsalu ndipo mutu ndi wanu. Ngati mwapambana, sangalalani ndi anzanu, imbani, lizani vuvuzela, koma musakaime pakhomo pa munthu usiku, ndipo pa WhatsApp uthenga umodzi wokonzedwa bwino umaluma kuposa zithunzi makumi awiri. Gulu la mpingo, la maliro kapena la makolo a kusukulu si malo ake. Ngati mwagonja, musazimitse foni masiku atatu monga amachitira malume anga ena, chifukwa kubisala kumangowonjezera chilakolako cha okufunaniwo. Imbani foni inuyo, munene kuti "Mwatikwapula, achimwene, tamva," ndipo mudzaona kuti mnzanuyo mawu amuthera, chifukwa anakonzekera munthu wokana, osati wovomera. Mkwiyo wa pabwalo usalowe nawo m'nyumba. Mayi a kunyumba ndi ana sanaimbire masewerowo, ndipo mwana amene amaona bambo ake akukana chakudya n'kumakalipira aliyense timu ikagonja amakula akudziwa kuti Loweruka ndi tsiku loopsa.

Ndipo zimachitika kuti mwana wanu yemwe, amene munamugulira kajezi kofiira asanayambe kuyenda, tsiku lina amabwera kuchokera kusukulu n'kunena kuti iye ndi Nyerere, kapena wa m'nyumba ya Manoma n'kuyamba kuimba za Maule. Musamuopseze kuti simumulipirira fizi, ngakhale mwanthabwala, chifukwa ana amatenga mawu otere ngati oona. Muuzeni kuti wasankha molakwika, mupatseni zifukwa zanu zonse, kenako mugulireni jezi ya mtundu umene akufunawo. Tsiku la masewero mupite naye, mukhale mbali imene ili yabata, ndipo mugwirizane musananyamuke kuti amene timu yake yagonja ndiye atsuke mbale madzulo.