Chifuwa chokoka mtima chikubwerera: lembani tsiku limene mwana wayamba kutsokomola

Nthawi ya COVID-19, zophimba kukamwa ndi kutseka sukulu zinachepetsanso matenda ena a m'chifuwa, koma katemera wa ana anasokonekera. WHO ndi UNICEF anapeza kuti mu 2021 ana pafupifupi 25 miliyoni padziko lonse sanalandire kapena sanamalize katemera wa DTP, amene amateteza ku chifuwa chokoka mtima ndi matenda ena awiri. Anthu atayambiranso kusonkhana, mabakiteriya anapeza chitetezo chafooka. Ku England odwala chifuwa chokoka mtima anali osakwana 1,000 mu 2023, koma mu 2024 anapitirira 14,000, ndipo makanda ena anamwalira.

Kumeneko anadziwa msanga chifukwa wodwala aliyense amalembedwa. Kuno kaundula ameneyo ali m'manja mwanu, alangizi a zaumoyo. Mayi akabwera ndi mwana wotsokomola, musangolemba "chifuwa". Lembani tsiku limene chinayamba, miyezi ya mwana, mudzi wake, ndiponso ngati pakhomopo pali wina amene akutsokomola. Mayi akati "chayamba kalekale", m'funseni ngati tsiku la msika lapitalo chinali chitayamba kale. Kenako tsegulani buku la kusikelo muone ngati katemera wa Penta, amene amatetezanso ku chifuwa chokoka mtima, analandira katatu, pa milungu 6, 10 ndi 14.

Chifuwa cha milungu iwiri chobwera motsatizana, mwana n'kukoka mpweya molira kapena kusanza akamaliza, n'chokayikitsa. Khanda la miyezi yochepa ndiye limapusitsa. Nthawi zambiri silikoka mtima n'komwe; limangoleka kupuma kwa kanthawi, milomo n'kuda. Limenelo lipite kuchipatala nthawi yomweyo.

Werengani kapumidwe kwa mphindi yathunthu mwana ali phee. Khanda losakwana miyezi iwiri likafika 60, wa miyezi 2 mpaka 11 akafika 50, wa chaka chimodzi mpaka asanakwane zaka zisanu akafika 40, ganizirani chibayo. Nthiti zikamalowa mkati popuma, musazengereze.

Amoxicillin amathandiza pa chibayo koma sachiza chifuwa chokoka mtima; kuchipatala amapereka azithromycin kapena erythromycin. Choncho makapusozi ogula pa okala angongotayitsa nthawi. Wodwala atalikirane ndi makanda mpaka atamwa mankhwala masiku asanu.

Mukaona ana angapo a mudzi umodzi kapena sukulu imodzi ali ndi zizindikirozi, musadikire lipoti la kumapeto kwa mwezi. Imbirani wamkulu wa chipatala chanu tsiku lomwelo, kuti uthenga ufike ku ofesi ya zaumoyo ya boma lanu.