Anankafumbwe a m'nkhokwe ya penshoni: malangizo kwa Amalawi ogwira ntchito ku UK

Amene anakulira kumudzi akudziwa kuti chimanga sichionongekera kumunda kokha. Ukhoza kukolola ngolo zisanu, koma ukapanda kuthira mankhwala, pofika Januwale umangopeza fumbi pansi pa thumba. Penshoni nayonso ili ndi anankafumbwe ake, ndipo ndi timaperesenti tija timene kampani yosunga ndalama imadula chaka ndi chaka. Malangizo awa ndi a abale athu amene akugwira ntchito ku UK, kaya yosamalira okalamba, ya m'mafakitale kapena yodzilemba okha, amene amva za penshoni ya index tracker ndipo akufuna yotsika mtengo.

Tiyambe ndi dzinalo. Index ndi mndandanda wa makampani a pa msika wa masheya. FTSE 100 ndi makampani 100 akuluakulu a pa msika wa London, pomwe S&P 500 ndi makampani pafupifupi 500 a ku America. Thumba la tracker, momwe anthu ambiri amasonkhamo ndalama zawo pamodzi, limangogula masheya a makampani a pa mndandandawo, iliyonse molingana ndi kukula kwake, basi. Mulibe katswiri wolipidwa ndalama zankhaninkhani kuti azilosera kampani imene ichite bwino mawa, n'chifukwa chake thumba lotere limatchipa. John Bogle, amene anayambitsa kampani ya Vanguard, atatsegulira anthu wamba thumba la mtunduwu mu 1976, anzake anamuseka. Koma zaoneka mobwerezabwereza kuti pakapita zaka zambiri, akatswiri ambiri olosera aja amalephera kuuposa msika akachotsapo malipiro awo.

Musanathamangire pa intaneti kukatsegula akaunti yatsopano, yambani mwasuzumira m'nkhokwe imene muli nayo kale. Kuyambira 2012, lamulo la ku UK limakakamiza olemba ntchito kulowetsa antchito awo mu penshoni. Ngati muli ndi zaka 22 kapena kuposerapo, simunafike zaka za penshoni ya boma, ndipo mumalandira ndalama zoposa £10,000 pachaka, abwana anu anayenera kukulowetsani. Chochepetsetsa choponya ndi 8 peresenti ya gawo la malipiro anu: 3 ya abwana, 5 yanu kuphatikizapo msonkho umene boma limakubwezerani. Kumudzi tinazolowera 10 ya abwana ndi 5 ya wantchito, choncho musadabwe kuona kuti kuno abwana amaponya yochepa.

Alipo amene amatuluka mu penshoni ya kuntchito kuti ndalama yotumiza kumudzi ichuluke, kapena chifukwa amva kuti kwina kuli yotchipa. Uku n'kutaya bomwetamweta. Palibe tracker yotchipa imene ingabweze 3 peresenti ya abwana imene mwaisiya. Ndiponso kuyambira 2015, thumba limene amakuikanimo mukapanda kusankha nokha sililoledwa kudula kuposa 0.75 peresenti pachaka. NEST, imene inakhazikitsidwa ndi boma ndipo olemba ntchito ang'onoang'ono ambiri amagwiritsa ntchito, imadula 0.3 peresenti pachaka, kuonjezerapo 1.8 peresenti pa ndalama iliyonse yoponyedwa. Lowani mu akaunti yanu, muone mndandanda wa matumba. M'mapenshoni ambiri a kuntchito muli kale thumba lotsata msika wa dziko lonse lapansi, ndipo kusamukirako n'kungodina malo awiri kapena atatu.

Kodi kagawo ka peresenti n'kodandaulitsa? Tiwerengere limodzi. Tiyerekeze kuti muli ndi £10,000 ndipo mwaisiya zaka 30, msika ukukula ndi 5 peresenti pachaka. Asanu amenewa ndi ongoyerekeza, msika sulonjeza kanthu. Ngati zodula zonse ndi 0.3 peresenti, mudzapeza pafupifupi £39,700. Ngati ndi 1.5 peresenti, mudzapeza pafupifupi £28,100. Ndalama yoposa £11,000 yapita, yoposa mbewu imene munadzala, ndipo palibe tsiku limene munaona wina akuitenga. Amadula musanaione, ndiye pa sitetimenti pamangooneka kuti ndalama yakula pang'ono.

Amene akufunikiradi penshoni ya iwo eni ndi odzilemba okha ntchito, monga oyendetsa galimoto zonyamula anthu ndi oluka tsitsi, komanso amene asintha ntchito kangapo n'kusiya timapenshoni apa ndi apo. Kwa amenewa kuli SIPP, penshoni imene mwini wake amasankha yekha kumene ndalama ipite. Mukaponyamo £80, boma limaonjezera £20. Ngakhale amene sali pa ntchito akhoza kuponya £2,880 pachaka n'kukhala £3,600.

Apa ndi pamene ambiri amapusitsika, chifukwa zodula zimakhala ziwiri. Choyamba ndi cha platform, kutanthauza kampani imene mwatsegulako akaunti, monga Vanguard, AJ Bell, Fidelity, Hargreaves Lansdown kapena interactive investor. Chachiwiri ndi cha thumba lenilenilo, ndipo pa pepala la thumbalo chimalembedwa kuti OCF. Zili ngati kumsika: pali chiphaso cha malo ogulitsira, palinso mtengo wa katundu. Wotsatsa malonda amakuuzani chimodzi chokha, chimene chikuoneka chochepa. Inu phatikizani zonse ziwiri, muonjezerepo ndalama yodula pogula ndi pogulitsa ngati ilipo.

Makampani ena amadula peresenti, ena amadula ndalama yokhazikika pamwezi. Pamene nkhokwe ili yaing'ono, ya peresenti imatchipa: 0.25 peresenti ya £10,000 ndi £25 pachaka, pomwe wodula £6 pamwezi atenga £72. Ikafika pa £100,000 zinthu zimatembenuka, wa peresenti uja atenga £250 pomwe winayo akadali pa £72. Chenjeraninso ndi ndalama yochepetsetsa yolipira. Vanguard imadula 0.15 peresenti, koma kuyambira kumayambiriro kwa 2025 amene ali ndi ndalama zosafika £32,000 amalipira £4 pamwezi. Kwa munthu wongoyamba kumene ndi £1,000, imeneyo ndi pafupifupi 5 peresenti pachaka. Mitengo imeneyi imasinthasintha, choncho werengani tsamba la zodula la kampaniyo tsiku lomwe mukutsegula akaunti, osadalira zimene mnzanu anaona chaka chatha.

Nanga thumba liti? Ine ndimalangiza ulimi wakasakaniza. Thumba lotsata FTSE All-World kapena FTSE Global All Cap lili ndi makampani zikwizikwi a m'mayiko olemera ndi ongotukuka kumene. Lotsata MSCI World lili ndi mayiko olemera 23 okha. M'matumba onsewa gawo loposa theka ndi la makampani a ku America, poti ndi kumene kuli makampani akuluakulu. Ambiri mwa matumba otere amadula pakati pa 0.1 ndi 0.25 peresenti, ndipo wina akakuuzani 1 peresenti pa tracker, tsanzikani. FTSE 100 yokha ndi ngati kudzala fodya munda wonse. Musavutikenso kugula matumba asanu, poti mudzapeza kuti mwagula makampani omwewo kasanu. Ngati pali posankha, tengani lolembedwa Acc, limene limabwezera phindu m'thumba momwemo.

Tracker sithawa chilala. Mu 2008 FTSE 100 inagwa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, mu Marichi 2020 misika inagwanso chifukwa cha Covid-19, ndipo matumba a tracker anagwera limodzi. Amene anagulitsa chifukwa cha mantha ndi amene analuza zenizeni. Ngati kwatsala zaka 20, pitirizani kuponya mwezi ndi mwezi ndipo lekani kuyang'ana foni tsiku lililonse. Ngati kwatsala zaka zisanu, ndi nthawi yoganizira thumba losakaniza masheya ndi ngongole za boma. Kumbukirani kuti ndalamayi simungaitape musanafike zaka 55, ndipo kuyambira Epulo 2028 zidzakhala 57. Ya maliro, ya fizi ndi ya malata isalowe umu.

Pophatikiza timapenshoni takale, Pension Tracing Service ya pa gov.uk imakuthandizani mwaulere kupeza amene akusunga. Musanasamutse, funsani ngati pali ndalama yolipira potuluka kapena lonjezo lapadera limene mungataye. Anamwino ndi ena a mu NHS Pension, yanuyo ndi ya mtundu wina, yowerengera malipiro ndi zaka za ntchito. Isiyeni momwemo.

Kampani iliyonse muyambe mwaifufuza pa kaundula wa FCA, bungwe loyang'anira makampani a zachuma ku UK. Bungwe la FSCS limateteza mpaka £85,000 kampani ikagwa, osati msika ukagwa. Kuimbira munthu foni mwachisawawa n'kumamutsatsa za penshoni kunaletsedwa mu 2019, ndiye woteroyo mudulireni foni, ngakhale atalankhula Chichewa n'kutchula mudzi wa kwanu. MoneyHelper imapereka uphungu waulere, ndipo a zaka 50 kupita m'tsogolo ali ndi Pension Wise, uphungu waulere wa momwe angatapire penshoni yawo.

Ambiri a ife tili ndi maganizo odzabwerera kumudzi. Penshoniyo imakhalabe yanu ngakhale mutachoka ku UK, koma si kampani iliyonse imene imalola munthu wokhala kunja kupitiriza kuponya, ndipo zina zimavuta kulipira ku banki ya kunja. Funsani zimenezi musanatsegule akaunti, osati mutafika kale pa Chileka. Lembaninso fomu ya expression of wish, yotchula amene adzalandire ndalamayi inu mukadzatisiya, ndipo dzina la kampani ndi nambala ya penshoni muzipereke kwa m'bale mmodzi wodalirika.